Anzanga analemba zosiyana ndi zanga pa mayeso a mbiri ya dziko lonse: kodi ndalephera?

Wophunzira wina amene amawerenga tsamba lino wanditumizira imelo yofotokoza zimene zinachitika atangotuluka m'chipinda cholembera mayeso a mbiri ya dziko lonse. Iye akuti anakhala pansi ndi anzake n'kuyamba kufananiza zimene aliyense analemba pa funso la chimangirizo, lomwe linkati: "Kodi mukugwirizana nawo mpaka pati maganizo akuti pangano la Versailles ndilo linachititsa kuti Hitler atenge ulamuliro ku Germany?" Anzake onse analemba kuti panganolo ndilo linali gwero la zonse, ndipo anadzaza masamba ndi mfundo zake, pamene iye analemba kuti mavuto a zachuma amene anayamba mu 1929 ndiwo anali ndi mphamvu yaikulu. Pokambiranapo anazindikiranso kuti analemba kuti asilikali a France analowa m'dera la Ruhr ku Germany mu 1924, pamene chaka cholondola ndi 1923. Tsono akufunsa ngati walephera, komanso ngati kukambirana mayankho pambuyo pa mayeso kuli ndi phindu lililonse kupatula kubweretsa nkhawa.

Ndiyambe ndi kukuuzani kuti kusiyana maganizo ndi anzanu si umboni woti mwalephera. Funso limene lili ndi mawu akuti "mpaka pati" silikhala ndi yankho limodzi lobisika limene wochonga akudikira kuti mulitchule. Funso lotere limafuna kuti muyeze kulemera kwa chifukwa chimene chatchulidwacho pochiyerekeza ndi zifukwa zina, kenaka munene poyera mbali imene mwaima ndi umboni umene wakuimitsani pamenepo. Ophunzira awiri akhoza kufika pa mathero osiyana kotheratu koma onse n'kukhoza bwino, ndipo ophunzira anayi akhoza kugwirizana pa mathero amodzi koma onse n'kupeza malikisi ochepa chifukwa choti anangofotokoza zochitika osayankha funso. N'chifukwa chake ndikuona kuti zokambirana zanu zinayambira polakwika: munkafunsana kuti "iwe unalemba chiyani?" pamene funso lothandiza linali lakuti "unasonyeza bwanji kuti zimene unalembazo zikuyankha funso?"

Tiyeni tione funso lenilenilo bwinobwino, chifukwa kuunika chimangirizo popanda kubwerera ku nkhani yake n'kutaya nthawi. Anzanu anali ndi mfundo zambiri zoona. Pangano la Versailles linasainidwa pa 28 Juni 1919, nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, ndipo linalanda dziko la Germany dera la Alsace-Lorraine pamodzi ndi maiko onse amene linkawalamulira kunja kwa Ulaya, linachepetsa asilikali ake kufika pa 100,000, ndipo kudzera m'ndime ya 231 linaika pa Germany ndi maiko ogwirizana nalo udindo wa zonse zimene nkhondo inawononga. Mu 1921 chipukutamisozi chimene Germany inayenera kulipira maiko amene anapambana nkhondoyo chinaikidwa pa ndalama zagolide za ku Germany zokwana 132 biliyoni. Zonsezi zinapweteka mitima ya anthu a ku Germany, ndipo Hitler ankazitchula kawirikawiri m'misonkhano yake. Koma wophunzira amene wandandalika mfundo zimenezi n'kumaliza ndi mawu akuti "choncho Hitler anatenga ulamuliro" wasiya mpata wa zaka pafupifupi 14 wosafotokozedwa, ndipo wochonga watcheru amauona mpata umenewu msanga.

Apa ndi pamene mbali yanu ili ndi mphamvu, ngati munaigwiritsa ntchito moyenera. Pa chisankho cha mu Meyi 1928, panganolo litakhalapo kale kwa zaka pafupifupi 9, chipani cha Hitler cha Nazi chinangopeza mavoti 2.6 pa 100 alionse ndi mipando 12 m'nyumba ya malamulo. Msika wa masheya ku New York utagwa mu Okutobala 1929, zinthu zinasintha mofulumira: mu Seputembala 1930 chipanicho chinapeza mipando 107, ndipo mu Julayi 1932, pamene anthu osowa ntchito anali pafupifupi 6 miliyoni, chinapeza mipando 230 n'kukhala chipani chachikulu kuposa zonse. Ngati mkwiyo wa Versailles pawokha unali wokwanira, n'chifukwa chiyani sunampatse Hitler mavoti mu 1928, nanga n'chifukwa chiyani kuukira boma kumene anayesa ku Munich mu Novembala 1923 kunalephera n'kumufikitsa kundende? Ngati ndime ina ya chimangirizo chanu inafunsa funso ngati limeneli, ngakhale popanda manambala onsewa, ndiye kuti munachita zimene funsolo linkafuna.

Komabe musafulumire kukhutira. Pamene mukuunika yankho lanu, dzifunseni ngati munapereka malo okwanira ku pangano la Versailles lenilenilo, popeza ndilo linatchulidwa m'funso. Cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri kwa ophunzira amene asankha kutsutsa funso n'chakuti amataya chifukwa chotchulidwacho m'chiganizo chimodzi, n'kuthera masamba onse pa chifukwa chimene iwo akuchikonda. Chimangirizo chotere chimakhala chikuyankha funso lina, osati limene linafunsidwa. Yankho lokhwima limavomereza kuti zifukwa ziwirizi n'zolumikizana. Pofuna kuti Germany ithe kulipira chipukutamisozi, ndondomeko ya Dawes ya mu 1924 inatsegula njira ya ngongole zambiri zochokera ku America, moti pamene obwereketsa a ku America anayamba kuitanitsa ndalama zawo chuma chitagwa, Germany inavulala kwambiri. Mnzanu amene analemba kulumikizana kumeneku akhoza kukhala kuti anateteza mbali ya Versailles mwaluso, ndipo ndingakonde kuti mumufunse ngati anachita zimenezo m'malo momufunsa kuchuluka kwa masamba amene analemba.

Palinso chifukwa chachitatu chimene mwina nonse munachiiwala, ndipo n'chifukwa chake kukambirana pagulu kumathandiza kukachitika mwadongosolo. Hitler sanapambane chisankho chomupatsa mipando yoposa theka asanakhale mtsogoleri wa boma. Pa chisankho cha mu Novembala 1932 mipando ya chipani chake inatsika kufika pa 196, koma pa 30 Januwale 1933 Pulezidenti Hindenburg anamusankha kukhala mtsogoleri wa boma, atanyengereredwa ndi andale monga Franz von Papen amene ankaganiza kuti adzatha kumulamulira. Chimangirizo chimene chatchula zimenezi chimasonyeza kuti wolembayo akumvetsa kusiyana kwa zifukwa zimene zinakonza malo kwa zaka zambiri ndi zosankha za anthu ochepa zimene zinamalizitsa nkhaniyo m'masabata ochepa. Ngati palibe aliyense wa inu amene anazilemba, limenelo ndilo phunziro lenileni la zokambirana zanu, ndipo ndi lofunika kwambiri kuposa kudziwa amene anali ndi anthu ambiri kumbali yake.

Za chaka chimene munalakwitsa, musade nazo nkhawa kwambiri. Zolakwa za zaka zimasiyana kulemera kwake. Kulemba 1924 m'malo mwa 1923 pa nkhani ya Ruhr n'kulakwa ndithu, ndipo muyenera kukonza m'kope lanu lero lomwe, koma sikugwetsa mfundo yanu malinga ngati dongosolo la zochitika linakhalabe lolondola. Cholakwa choopsa n'chimene chimasokoneza chiyambi ndi zotsatira, monga kusakaniza kugwa mphamvu kwa ndalama kwa mu 1923, pamene mitengo ya zinthu inkakwera kangapo pa tsiku limodzi, ndi kusowa kwa ntchito kwa pambuyo pa 1929, pamene mitengo inkatsika. Awa ndi mavuto awiri osiyana okhala ndi magwero osiyana, ndipo wophunzira amene wawaphatikiza n'kukhala vuto limodzi wawononga maziko a chimangirizo chake ngakhale zaka zina zonse zitakhala zolondola.

Tsopano ndibwere ku funso lanu lachiwiri. Kuunika mayankho kuli ndi phindu lalikulu, koma nthawi ndi njira yake n'zofunika. Kukambirana pakhomo la chipinda cha mayeso, aliyense mtima udakali m'mwamba, nthawi zambiri kumapatsa mphamvu wolankhula mokweza osati wolondola, ndipo ngati mawa lake muli ndi pepala lina, madzi akatayika saoleka, choncho ndi bwino kusunga maganizo anu pa mayeso amene akubwera. Chimene ndingakulimbikitseni kuchita tsiku lomwelo, muli nokha, n'kulemba papepala funsolo monga mmene linalembedwera, kenaka chiganizo chimodzi chofotokoza yankho lanu, ndiponso mzere umodzi pa ndime iliyonse wonena zimene ndimeyo inkafuna kusonyeza. Izi n'zofunika chifukwa pakapita masiku ochepa munthu amayamba kukumbukira zimene ankafuna kulemba m'malo mwa zimene analembadi, makamaka akamva mfundo zabwino za anzake.

Mukakumana ndi anzanuwo mayeso onse atatha, aliyense ayambe ndi kuwerenga chiganizo chake chimodzi chija. Amene akulephera kufotokoza yankho lake m'chiganizo chimodzi, kawirikawiri amakhala kuti analibe yankho m'chimangirizo chakenso, ngakhale analemba zambiri zoona. Kenaka tengani ndime imodzi ya munthu mmodzi n'kuifunsa mosanyengerera. Tiyerekeze kuti ndimeyo ikuti: "Mu 1923 asilikali a France ndi Belgium analowa m'dera la Ruhr chifukwa Germany inalephera kupereka zimene inalonjeza, ndipo ndalama inatha mphamvu." Zimenezi n'zoona, koma ndimeyo yaima isanafike pa funso. Chimene chikusowa n'chiganizo chonena kuti anthu ambiri amene anasunga ndalama kwa zaka anataya zonse n'kusiya kukhulupirira boma la Weimar, lomwe linkalamulira Germany pa nthawiyo, ndiponso kuvomereza kuti ngakhale zinali choncho, anthuwo sanathamangire kwa Hitler mpaka vuto lachiwiri litafika. Chiganizo chimenecho ndicho chimasiyanitsa kufotokoza ndi kuunika, ndipo mukachiyang'ana m'ndime iliyonse mudzaona nokha pamene chimangirizo chanu chinali cholimba ndi pamene chinangokhala mndandanda wa zimene munaloweza.

Yang'ananinso ngati chiyambi ndi mathero anu zikugwirizana. Zimachitika kuti wophunzira amayamba ndi kunena kuti Versailles inali chifukwa chachikulu, koma akafika pakati pa thunthu maganizo amasintha, n'kumaliza ndi kunena kuti chuma ndicho chinali chachikulu, osabwerera kukakonza chiyambi. Izi zimasonyeza kuti sanapatule mphindi zochepa zokonzera dongosolo asanayambe kulemba, ndipo ndi vuto losavuta kulithetsa pa mayeso otsatira.

Ngati mapepala anu adzabwezedwa atachongedwa, ikani pepala lanu pambali pa zija munalemba muli nokha tsiku la mayeso, ndipo muwerenge ndemanga za mphunzitsi musanayang'ane malikisi a anzanu. Pamene mphunzitsi walemba kuti ndime ina ikungofotokoza nkhani, ilembeninso ndime imodzi yokhayo, muwonjezere chiganizo chimene chikuilumikiza ndi funso, kenaka mukamupemphe kuti aione ngati tsopano yafika pamene iye ankafuna.