Achemwali, zimene mwawerengazo si zopeka

Achemwali, post yanuyi, yofunsa ngati n'zoona kuti Mpingo wathu wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza unkaletsa anthu akuda kulandira unsembe, yandikumbutsa chilonda. Ayi, palibe wakunamizani, ndipo si adani a Mpingo amene anazipeka. Kuyambira 1852, pamene mtsogoleri wa Mpingo Brigham Young analengeza chiletsocho ku Utah, ku America, mpaka June 1978 pamene mtsogoleri wina, Spencer W. Kimball, anachichotsa, mwamuna wakuda sankapatsidwa unsembe. Ndipo wakuda aliyense, mwamuna kaya mkazi, sankaloledwa kulandira miyambo ya m'kachisi yolumikiza banja kwamuyaya. Zaka 126 zathunthu.

Tsono poti mukufunsa ngati n'kwabwino kukawafunsa atsogoleri, imvani zanga.

Ine ndinafunsa m'kalasi ya Sande Sukulu, mkazi wanga ali pambali panga, mwana wathu wamng'ono ali pamiyendo pake. Sindinabwere ndi zotola pa YouTube ayi. Ndinatsegula Gospel Library, app ya Mpingo pa foni, n'kupeza nkhani imene Mpingo womwewo unatulutsa mu December 2013 yokhudza mtundu wa anthu ndi unsembe. Ndinangoti, abale, tithandizane, pano akulemba kuti Elijah Abel, munthu wakuda, anali ndi unsembe m'nthawi ya Joseph Smith, woyambitsa Mpingo, nanga chinasintha n'chiyani? M'kalasi monse munangoti zii. Mtsogoleri wina, munthu amene ndinkamutcha bambo, amene anadyapo nsima kunyumba kwanga, anaimirira, kubwera pomwe ndinakhala, n'kunditsomphola foni m'manja. Sanayang'ane n'komwe zomwe zinali pa foniyo. Anaikweza m'mwamba n'kuuza gulu kuti umu ndi mmene Satana akulowera m'mabanja masiku ano, ndipo m'bale wathuyu timupempherere chifukwa umboni wake wafa. Wina kumbuyo anati ameni. Mkazi wanga anaweramitsa mutu, misozi ikugwera pa chitenje. Foni anandibwezera panja, ngati mwana wa pulayimale wolandidwa mpira.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si foni. Bambo amenewa anadziwa pambuyo pake kuti nkhaniyo ndi ya Mpingo, chifukwa mmishonale wina wachinyamata anawaonetsa. Koma kubwera kudzati pepani, kapena kukakonza pagulu pomwe anandinyozera paja? Mpaka pano. Azimayi anayamba kumuzemba mkazi wanga, ena kumuuza kuti asamale, mwamuna wake ali pa mpatuko. Mpatuko wanji, powerenga zolemba zathu zomwe? Otinyozawo ndi akuda ngati ine. Agogo awo akanakanizidwa pakhomo lomwelo la kachisi.

Werengani za Jane Manning James, achemwali. Mayi wakuda amene anakhalapo m'nyumba ya Joseph Smith ku Nauvoo, n'kusamuka ndi Oyera Mtima mpaka ku Utah. Anapempha atsogoleri mobwerezabwereza kuti alandire madalitso a m'kachisi. Mu 1894 anamulumikiza ku banja la Joseph ngati wantchito, mwini wake osaloledwa kukhalapo pa mwambowo. Anamwalira mu 1908 ali wokhulupirikabe. Nditawerenga zimenezi tulo sitinabwere. Ndipo chiletsocho chisanachotsedwe, ku Ghana ndi ku Nigeria anthu anali atayamba kale kusonkhana paokha, kulemba makalata ku Salt Lake City kupempha amishonale, n'kudikira zaka zambiri osabatizidwa.

Nkhani ya 2013 ija imanena poyera kuti Mpingo lero ukukana ziphunzitso zoti khungu lakuda ndi temberero, kapena kuti tinali osakhulupirika tisanabadwe. Zimenezo n'zabwino ndithu. Koma mawu opepesa mulibemo, ndipo 2 Nefi 5:21, vesi ya m'Buku la Mormoni yonena za temberero ndi khungu lakuda, ikadali pomwepo. Mudzapezanso za mitala ya Joseph, akazi pakati pa 30 ndi 40, mmodzi wa iwo Helen Mar Kimball wa zaka 14, ndipo zimenezonso Mpingo unavomereza mu 2014.

Langizo langa? Musameze funso lanulo, lidzakudwalitsani. Pitanibe kwa apulezidenti a nthambi, atsogoleri a mpingo wa kwanuko, ambiri ndi anthu abwino, mwina anuwo akumverani. Koma osati m'kalasi, chonde. Pemphani nthawi mu ofesi, tengani amuna anu kapena mnzanu wokhulupirika, ndipo nkhaniyo muisindikize papepala, chizindikiro cha Mpingo chizionekera pamwamba. Musawerenge zonse usiku umodzi, ndipo musathamangire kusankha zochoka kapena zokhala mwezi uno. Mukafuna wolankhula naye, mkazi wanga wati mumupeze ku inbox.