Kodi wailesi zathu zingasokoneze woyendetsa ndege ali m'mwamba?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Nkhotakota. Akuti madzulo akakhala pakhonde kumvera mpira, nthawi zina siteshoni ya kutsidya kwa nyanja imalowerera, Chipwitikizi n'kusakanikirana ndi Chichewa mpaka chigoli kuwadutsa osachimva. Ndiye tsiku lina ataona ndege ikudutsa m'mwamba anadzifunsa kuti, kodi zoterezi zimawachitikiranso oyendetsa ndege akamalankhula ndi a pansanja ku bwalo la ndege? Nanga foni zimene amati anthu azizimitsa m'ndege zija, ndizo zimayambitsa?

Bambo, zimachitika ndithu, ndipo nkhani yake ndi yaikulu kuposa mmene ambiri timaganizira.

Tiyambire pa wailesi yanu yomweyo. Mukayang'ana manambala a FM muona kuti amathera pa 108. Mukangodutsa pamenepo ndiye kuti mwaponda m'munda mwa ndege. Kuyambira 108 mpaka 118 MHz kuli zida zolondolera ndege njira komanso zoithandiza potera, ndipo kuyambira 118 mpaka 137 ndi kumene oyendetsa ndege amalankhulirana ndi a pansanja. Masiteshoni athu ndi ndege anachita kugundana malire. Makina oulutsira mawu akakalamba kapena akapanda kusamalidwa, mawu ake amasefukira kwa mnansi. Chinanso n'chakuti masiteshoni awiri amphamvu akakhala pa mlongoti umodzi, mafunde awo amatha kusakanikirana n'kubereka phokoso pa nambala imene aliyense wa iwo sanapatsidwe. Tiyerekeze wina ali pa 107, wina pa 95. Wirikizani 107 kawiri, muchotsepo 95, mupeza 119, ndipo 119 ndi ya ndege. N'chifukwa chake bungwe la MACRA siligawa manambalawa mwachisawawa, ndipo munthu wongodzikonzera kamakina kake n'kuyamba kuulutsa mawu popanda chiphaso ine sindimuona ngati wochenjera ayi.

Mwina munena kuti Nkhotakota ndi kutali ndi Lumbadzi kumene kuli bwalo la ndege la Kamuzu, zingafikeko bwanji? Mafunde amenewa amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi ya asodzi. Pansi pano phiri limawatchinga. Ife kuno ku Salima tili kunsi, pakati pathu ndi bwalo la Kamuzu pali zitunda zonse zija timakwera tikamapita ku Lilongwe. Koma ndege imene ili makilomita 10 m'mwamba ilibe choitchinga, imamva zochokera mtunda woposa makilomita 300. Zikatero woyendetsa ndege amatha kumva nyimbo m'makutu mwake, wa pansanja osamva kalikonse, n'kumadabwa kuti mnzakeyo akudandaula chiyani.

Komabe chimene chimandiopsa kwambiri ine si nyimbo. Ndi anthu awiri kulankhula nthawi imodzi. Wailesi ya m'ndege siili ngati foni. Ndege zonse za dera limodzi zimakhala pa nambala imodzi, ofuna kulankhula amadina batani, enawo n'kumamvera. Awiri akadina limodzi, mawu amaphimbana ndipo chimamveka ndi kulira kwa tswii. Dziwani kuti wailesi zimenezi ndi za AM, osati FM. Pa FM wamphamvu amangomeza wofooka mwakachetechete, pamene pa AM kulira kuja kumachenjeza omvera kuti pali mawu ataika.

Pa 27 Malichi 1977, pa bwalo la Los Rodeos pachilumba cha Tenerife panali chifunga chadzaoneni. Ndege ya KLM inali itaima kumayambiriro a msewu wonyamukira, ya Pan Am ikuyendabe pang'onopang'ono mumsewu womwewo, osaonana. A KLM atanena mawu osonyeza kuti akunyamuka, wa pansanja anawayankha kuti "OK", n'kupitiriza kuwauza kuti adikire kaye awaitana. Nthawi yomweyo a Pan Am anadina batani kunena kuti iwo akadali mumsewu. Mauthenga awiri onsewo akanatha kuimitsa ndegeyo, koma anaphimbana, ndipo chimene chinamveka bwino kwa a KLM ndi "OK" yekhayo. Ndege ziwiri za Boeing 747 zinawombana, anthu 583 anafa. Zolakwika zinalipo zingapo tsiku limenelo, kuphatikizapo kunyamuka chilolezo chisanaperekedwe, koma masekondi ochepa a tswii aja amandiimitsa mutu mpaka lero. Kuchokera pamenepo anakhwimitsa malankhulidwe. Mawu akuti take-off sawatchula wamba, amawasungira popereka kapena pochotsa chilolezo chonyamuka, ndipo woyendetsa ndege akapatsidwa lamulo amalibwereza mokweza kuti wa pansanja atsimikize kuti lamveka lonse.

Za foni sinditaya nthawi. Munamvapo ka "dididi dididi" kamene kamamveka pa sipika foni ikatsala pang'ono kulira? Kameneko kamatha kulowa m'mahedifoni a woyendetsa ndege. Sikagwetsa ndege, koma kakabwera pamene akuuzidwa msewu woterapo kamasowetsa mtendere, choncho akakuuzani kuti zimitsani, zimitsani basi. Mphezi za m'dzinja nazo zimathetheka pa AM, monga zinkachitira pa mawailesi a makolo athu.

Nanga zikafika poti sakumvananso? Ndege zikuluzikulu zimakhala ndi wailesi zingapo, ndipo pali nambala ya pangozi, 121.5, imene imadziwika dziko lonse lapansi. Zonse zikakanika, woyendetsa amatchera 7600 pa kachida kamene kamaonetsa ndege pa radar, a pansi n'kudziwa kuti uyu wailesi yamufera, n'kumupatulira ndege zina. Akayandikira bwalo, wa pansanja amatenga nyali yamphamvu n'kumulozetsa. Yofiira yosaphethira ikutanthauza kuti apereke mpata kwa ena azizungulirabe, yobiriwira yosaphethira ndiye kuti atere.