Laisensi ya tindege ta mipando iwiri: yankho kwa mayi wa ku Lunzu

Mayi wina wa ku Lunzu wandilembera za mwana wake wamwamuna wa zaka 19, amene anakhoza bwino masamu ndi fizikisi pa mayeso a MSCE, ndipo pakadali pano amathandiza amalume ake kukonza njinga zamoto za kabaza. Mnyamatayo waona pa Facebook sukulu ina ya ku South Africa imene ikuti imaphunzitsa kuyendetsa tindege topepuka ta mipando iwiri, timene pa Chingerezi amati light sport aircraft, ndipo akuti laisensi imatuluka m'milungu yochepa pamtengo wotsikirapo. Bambo ake ayamba kale kunena zogulitsa puloti. Funso la mayiwo ndi lakuti kodi laisensi imeneyi ingamufikitse mwanayo pa ndege zikuluzikulu zimene amaziona zikutsika kulowera ku Chileka?

Mayi, laisensi imeneyi payokha singamufikitse kumeneko, ndipo pulotiyo isagulitsidwe kaye. Tindegeti si tachinyengo ayi, ndi ndege zenizeni ndipo zimaphunzitsa bwino, koma chiphaso chake chinapangidwira anthu ofuna kuuluka mosangalala pa ndalama zawo, osati ofuna kulembedwa ntchito. Gulu la ndege zimenezi linakhazikitsidwa ku America m'chaka cha 2004 ndi bungwe la FAA, loona za ndege m'dzikolo, ndipo malire amene anaikidwa nthawi imeneyo anali akuti ndegeyo ikhale ya injini imodzi, mipando isapose iwiri, ndipo kulemera kwake konse, kuphatikizapo anthu ndi mafuta, kusapitirire makilogalamu 600. Wophunzira ankatha kuyesedwa atauluka maola 20 okha. Mayiko ena anatengera ganizoli, lililonse ndi malamulo ake, ndipo ku South Africa chiphaso chofanana nacho chimatchedwa National Pilot Licence. Dzina lomwelo likuulula kale vuto lake: ndi chiphaso cha dziko limenelo, ndipo dziko lina silikakamizika kuchilandira.

Makwerero amene amafikitsa munthu ku kampani ya ndege ndi a bungwe la ICAO, loona za ndege padziko lonse, limene Malawi ndi membala wake. Poyamba pali laisensi ya PPL, yofuna maola osachepera 40, ndipo mwini wake saloledwa kulandira malipiro. Kenako pali CPL, imene imalola munthu kulipidwa, ndipo imafuna maola 200, kapena 150 ngati waphunzira pasukulu yovomerezeka motsatira ndondomeko yake yonse. Pamwamba pake ayenera kuphunzira kuuluka m'mitambo podalira zipangizo zokha, ndiponso kuyendetsa ndege ya injini ziwiri. Kuti adzakhale kaputeni wa ndege yaikulu yonyamula anthu pamafunika ATPL, ya maola 1,500. Mukaika maola 20 aja pambali pa manambala amenewa muona nokha kuti mtengo umene mwauona pa Facebook ndi wa sitepe yoyamba yokha, ndipo ndalama zotsalazo zidzafunikanso m'marandi kapena m'madola, pamene mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza m'mabanki athu.

Funso lofunika kwambiri, limene makolo ambiri saliganizira, ndi lakuti maola amene mwana adzauluke pa kandege kameneka adzawerengedwa angati akadzafuna PPL ndi CPL. Yankho limadalira malamulo a dziko lopereka laisensi komanso mmene ndegeyo inalembetsedwera, moti ndege ya mtundu umodzimodzi ikhoza kupereka maola owerengeka pasukulu ina n'kupereka osawerengeka pasukulu ina. Mwachitsanzo, Sling 2, imene imapangidwa pafupi ndi Johannesburg, sukulu zambiri za kumeneko zimaigwiritsa ntchito pophunzitsa PPL yeniyeniyo. Choncho musafunse dzina la ndege. Funsani dzina la laisensi, nambala ya chilolezo cha sukuluyo kuchokera ku South African Civil Aviation Authority, ndi kuchuluka kwa maola amene adzawerengedwe, ndipo zonsezi akuyankheni polemba kalata, osati pa foni. Mukatero mufunsenso ku bungwe loona za kayendedwe ka ndege kuno kwathu ngati chiphasocho chidzaloledwe pa ndege zolembetsedwa m'Malawi, zimene nambala zake zimayamba ndi 7Q. Safunsa anadya phula.

Musanalipire ngakhale tambala kusukulu, mwanayo akayezedwe m'thupi kwa dokotala wovomerezeka kuyeza oyendetsa ndege, ndipo mupemphe muyezo wa Class 1, umene umafunika pa CPL, ngakhale sukuluyo itanena kuti wotsikirapo ndi wokwanira poyambira. Kuvala magalasi sikuletsa munthu kuyendetsa ndege, koma kulephera kusiyanitsa mitundu, makamaka yofiira ndi yobiriwira, kumatseka njira zambiri. Ndinakhalapo ndi mnyamata wina mu ofesi muno amene banja lake linali litalipira kale gawo loyamba la fizi, ndipo atamutsegulira kabuku ka timadontho ta mitundumitundu kamene mkati mwake mumabisika manambala, iye anangoona madontho basi. Sanadziwepo za vutoli moyo wake wonse, chifukwa palibe chimene chinamuvutapo kusukulu. Chingerezi nachonso chimayesedwa pachokha, cholankhula ndi kumva pa wailesi, ndipo wophunzira ayenera kufika pa mlingo 4 mwa milingo 6 ya ICAO.

Ubwino wa tindegeti ndisaubise. Chifukwa n'topepuka, timamva kamphepo kalikonse, ndipo wophunzirirapo amazolowera msanga kugwiritsa ntchito manja ndi mapazi pamodzi, makamaka potera mphepo ikuwomba cham'mbali. Komanso timamwa mafuta ochepa, n'chifukwa chake ola limodzi limatsika mtengo. Koma kupepuka komweko kumachititsa kuti masiku ambiri tizikhala pansi. Woyamba kumene amauluka masana okha, akuona pansi ndi maso, ndipo ife a ku Blantyre tikudziwa mmene chiperoni chimaphimbira Soche, Ndirande ndi Michiru kwa masiku angapo, kapena mmene utsi wa moto wolusa umadetsera mlengalenga mvula isanayambe. M'mwezi wa October, dzuwa likakwera ku Chileka, kumene kuli pafupifupi mamita 780 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya umapepuka, injini imachepa mphamvu, ndipo ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke. Kulikonse kumene angakaphunzire kudzakhala nyengo yakeyake yomulepheretsa, ndipo tsiku lililonse losauluka ndi tsiku lolipira malo ogona ndi chakudya. Maola olembedwa m'malamulo ndi ochepetsetsa chabe. Ophunzira ambiri amapyola pamenepo asanayesedwe.

Tsopano ndibwere ku chimene chandikoka mtima m'kalata yanu, chimene inu mwangochitchula podutsa: mwanayu amakonza injini. Tambiri mwa tindege timeneti timayendera injini ya Rotax 912, yopangidwa ku Austria, ya masilinda anayi, ya mphamvu za akavalo 80 kapena 100 malinga ndi mtundu wake, ndipo munthu wozolowera njinga yamoto akaitsegula sangaone zachilendo zambiri. Ili ndi makabureta awiri amene ayenera kulinganizidwa kuti azikoka mofanana, apo ayi injini imanjenjemera. Ili ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, kuti dongosolo limodzi la moto likafa linalo lipitirize. Ili ndi giyabokosi yochepetsa liwiro lisanafike ku chopukusira mphepo chakutsogolo. Imayenderedwa maola 100 aliwonse, mapaipi ake a labala amasinthidwa pakatha zaka zisanu ngakhale akuoneka abwinobwino, ndipo mitundu yatsopano ikakwana maola 2,000 imaphwasulidwa yonse. Imamwa petulo wa galimoto, koma apa m'pamene makaniko wa kuno ayenera kutsegula maso, chifukwa petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, pamene opanga injiniyi amalola ethanol wosapitirira magawo 10 pa 100 aliwonse. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo madzi m'mafuta ndi oopsa pa ndege iliyonse, n'chifukwa chake isananyamuke amakhetsera mafuta pang'ono m'kabotolo koonekera mkati, n'kukakwezera ku dzuwa kuti aone ngati pansi pake pakhazikika madzi.

Kusiyana kwa galaja ya amalume ake ndi shedi ya ndege sikuli m'manja, kuli m'khalidwe. Pa kabaza boti imamangidwa mpaka dzanja litamva kuti yagwira, ndipo chitsulo chikasowa amasula china chofanana nacho kuti kasitomala apite. Pa ndege boti iliyonse ili ndi muyezo wake wolembedwa m'buku la opanga, imamangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu, ndipo zina zimakolekedwanso ndi kawaya kuti zisamasuke ndi kunjenjemera. Sipanala zimawerengedwa ntchito ikatha, kuopa kuti ina yatsalira mkati. Pomaliza makaniko amalemba zimene wachita m'buku la ndegeyo n'kusainira, ndipo siginecha imeneyo ndiyo ya mtengo wapatali pa ntchitoyi. Mwana amene amanyansidwa ndi kulemba, kapena amene amabisa akalakwitsa, sangaithe, kaya akhale waluso bwanji. Inu mukumudziwa kuposa ine pa mbali imeneyi.

Malamulo a ICAO amafuna kuti wopempha laisensi yokonza ndege akhale ndi zaka 18, akhoze mayeso, ndipo akhale atagwira ntchitoyi zaka zinayi, kapena ziwiri ngati anamaliza maphunziro ovomerezeka. Maziko ake angayambire konkuno osagulitsa kanthu: uinjiniya wa makina kapena wa magetsi ku MUBAS, kapena umakaniko kusukulu ya ntchito za manja kudzera ku TEVETA. Maphunziro amenewa sapereka laisensi ya ndege, koma amamuika pabwino akadzafuna malo kusukulu monga ya Ethiopian Airlines ku Addis Ababa, ndipo zikadzavuta amakhala ali ndi ntchito m'manja. Ndikuuzeninso mosabisa kuti ndege m'Malawi muno n'zochepa, choncho woyendetsa ndi wokonza yemwe ayenera kukhala wokonzeka kukagwira ntchito kunja. Aonenso za ndege zopanda munthu mkati, zimene African Drone and Data Academy yakhala ikuphunzitsa m'dziko muno kuyambira 2020.

Ngati mtima wake ukadali pa kuuluka atamva zonsezi, mulipireni ola limodzi lokha loyesera ndi mphunzitsi, limene sukulu zambiri zimapereka, kuti amve yekha mmene kandege kotere kamagwedezekera masana kukatentha. Kalata ya sukuluyo yonena za maola ikafika, pamodzi ndi zotsatira za kwa dokotala, mubwere nazo limodzi ndi bambo ake kuti tidzawerengere pamodzi mtengo wonse mpaka pa CPL.