Pandoc yanu sinafe bambo, angosintha maina

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena aku Mufakose, iwowa ndi mlembi wa kabungwe ka maliro ka anthu akumudzi kuno ku Harare. Akuti muphwawo anawaikira Pandoc, pulogalamu yosintha mafayilo a zolemba kuchoka mu mtundu wina kupita mu wina, pa laputopu cha mu 2016, nkuwalembera kamzere ka malamulo pa kapepala koti azingokopera akafuna kusandutsa maminitsi a msonkhano kukhala PDF kapena Word. Laputopu ija inafa, agula ina mtauni, aikamo Pandoc yatsopano koma kamzere kaja kakukanidwa, ikungotulutsa uthenga wokana basi. Muphwayo ali ku Joni foni sakuyankha. Ndiye akufunsa kuti kodi pulogalamuyi yaonongeka, asake yakale ija?

Ayi bambo musavutike nkusaka yakale. Mu 2016 munali pa Pandoc 1, ndiye mu 2017 kunatuluka 2.0 pomwe John MacFarlane ndi anzake anasintha maina a malamulo angapo, kenako mu Januwale 2023 kunabweranso 3.0, inuyo mwadumpha zonsezi kamodzi ndi kapepala ka kalekale m'manja. MacFarlane ameneyu ndi mphunzitsi wa filosofi ku Berkeley, anayamba Pandoc mu 2006 ndipo mpaka lero ndi yaulere, ine zimandidabwitsabe.

Ndayang'ana chithunzi cha kapepala kanu kaja, ngakhale pakona pathimbirira tiyi mawu akuwerengeka. Pamene palembedwa --latex-engine pafufuteni mulembe --pdf-engine. Pamene pali --reference-docx chotsani x wakumapetoyo patsale --reference-doc, ndi lamulo lomwe limatenga kaonekedwe ka fayilo yanu ya Word ija yokhala ndi dzina la bungwe pamwamba. Ka -S kali pakatiko kachotseni, kanathetsedwa, ngati mukulemba mu markdown, kalembedwe kosavuta ka mawu okhaokha ndi tizizindikiro tochepa, zokonza mitengero ndi timizere imapanga yokha tsopano. Komanso mukawerenga bwinobwino uthenga womwe ikukupatsaniwo muona kuti ikukuuzani dzina latsopano pomwepo, kungoti ambirife tikaona chizungu chambiri pa sikirini yakuda timangotseka ndi mantha, ine ndemwe ndinachitapo.

Koma pali china chomwe simunafunse ndipo chikudikirani kutsogoloku. Pandoc payokha siipanga PDF, imatuma pulogalamu ina, nthawi zambiri LaTeX, ndipo pa laputopu yatsopanoyi ndikukayika ngati ilimo. TeX Live, phukusi lomwe limabweretsa LaTeX, yonse ndi magigabaiti angapo, ndi mitengo ya bandulo kuno komanso magetsi othimathimawa mutha kulira musanamalize kudawuniloda. Ine ndikanakhala inu LaTeX ndikanaisiya. Tulutsani docx, fayilo ya Word ija, ndi Pandoc, zimenezo sizifuna china chilichonse ngakhale intaneti, kenako tsegulani mu Word kapena LibreOffice nkusunga ngati PDF, zatha. Maminitsi a bungwe ndi mndandanda wa amene apereka ndi amene ali ndi ngongole sizofunika makina a anthu a masamu. Pandoc 3 imathanso kupanga PDF kudzera mu Typst yomwe ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi LaTeX, ngati muli ndi mtima woyesa zatsopano.

Mukakakamirabe LaTeX gwiritsani mtundu wake wotchedwa xelatex, polemba --pdf-engine=xelatex, ndipo samalani ndi ŵ wathu uja wa mu Malaŵi. Fonti ikakhala kuti ilibe chilembo chimenechi chimangosowa mwakachetechete pa pepala, ine zinandichitikira pa pulogalamu ya ukwati wa mwana wa anzanga ku Highfield, tinapulinta makope ambirimbiri atalembedwa Malai, azigogo anaseka tsiku lonse. Onjezerani -V mainfont="DejaVu Serif" ngati fontiyo ilimo mu kompyuta, imeneyo ŵ ili naye.

Mukakonza zitatu zija ikakanabe, lembani pandoc --version munditumizire chithunzi cha zomwe yatulutsa pamodzi ndi uthenga wonse wokanawo, musadule pansi pake. Ndipo kamzere katsopanoko mukasunge mu fayilo ndi mu imelo yanu, kapepala kaja katopa.