Mukachotsa lantana ndi indiya pabwalo, mudzalepo chiyani?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Dedza amene amagwira ntchito ya m'gadeni ku Northcliff, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa. Mwachidule, funso lawo ndi ili: abwana awo agula nyumba yatsopano, ndipo m'mapepala a malonda munalembedwa kuti pamalopo pali zomera zosaloledwa, monga mpanda wa lantana, mtengo wa syringa, udzu wa pampas ndi chiyangayanga chamaluwa achikasu chimene chakuta khoma lonse. Abwana awauza kuti achotse zonsezo ndipo aganizenso za zodzala m'malo mwake. Bambowa akudabwa kuti maluwa okongola chonchi alakwanji, akufunsa zimene angadzale, komanso akuda nkhawa ndi jacaranda wa pageti ndi mtengo wa mabulosi wa kuseri kwa nyumba, umene iwo eni amadyako.

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambe ndi kudabwa kwanuko, chifukwa nanenso ndinadabwa chimodzimodzi nditafika kuno ku Joni. Kwathu lantana timamudzala dala kuti akhale mpanda, ndipo syringa ndi mtengo womwe uja timautcha indiya, umene umapereka mthunzi pamabwalo ambiri a sukulu ndi a tchalitchi. Vuto la zomerazi silili pa maonekedwe ake, lili pa njere. Chomera chikachotsedwa kwawo, tizirombo ndi matenda amene ankachichepetsa mphamvu amatsala komweko, choncho chikapeza dothi ndi mvula yochikomera chimabereka mopanda choletsa. Pumbwa amadya zipatso za lantana pampanda wanu m'mawa, masana n'kukachita chitosi kumalo otetezedwa a Melville Koppies kapena m'mbali mwa kamtsinje ka Braamfontein Spruit, ndipo kumeneko kulibe munthu wa khasu woti adzule mbande. Pakapita zaka zochepa pamamera chiyangoyango chimene udzu wachilengedwe sungapikisane nacho. Inu mukudziwa zimene namasupuni wachita mumtsinje wa Shire, mpaka kumasokoneza makina opangira magetsi ku Nkula. Namasupuni yemweyo ndi amene amaphimba damu la Hartbeespoort kuno, ndipo anachoka kwawo ku South America n'kufalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu anakopeka ndi duwa lake.

Mawu amene munaona m'mapepala aja akuchokera ku lamulo loteteza zachilengedwe la chaka cha 2004 limene anthu amalitchula mwachidule kuti NEMBA, ndi ndondomeko zake za zomera zachilendo zimene zinayamba kugwira ntchito mu 2014. Ndondomeko za 2014 zija zinalamula kuti wogulitsa malo adziwitse wogula polemba ngati pamalopo pali zomera za pamndandanda wa zolanda malo. Mndandandawo uli ndi magulu. Za m'gulu la 1a ndi 1b siziloledwa kudzala, kugulitsa ngakhale kupatsana, ndipo mwini malo ayenera kuzithetsa. Za m'gulu la 2 zimafuna chilolezo. Za m'gulu la 3 zikhoza kusiyidwa ngati zinalipo kale, koma simungadzale zina kapena kuchulukitsa, ndipo zikakhala m'mbali mwa mtsinje zimatengedwa ngati za 1b. Lantana, udzu wa pampas ndi chiyangayanga chanu chija, chimene malinga ndi mmene mwafotokozera zikhadabo zake zitatu ndi cat's claw creeper, zonse zili mu 1b. Indiya m'tauni ali mu gulu la 3, kotero lamulo silikukakamizani kumudula, ngakhale kuti ine ndikanadula ngati panyumbapo pali ana, popeza zipatso zake zachikasu zija ndi poizoni.

Jacaranda wa pageti musamukhudze. Mtengowu ndi wachilendo ndithu, unachokera ku South America, ndipo kumidzi ya m'chigawo cha Gauteng uli pamndandanda, koma m'matauni unachotsedwapo, n'chifukwa chake misewu ya Kensington, Saxonwold ndi Pretoria imachitabe chibakuwa mwezi wa Okutobala. Pamenepa pali mfundo imene anthu ambiri amaiphonya: chomera kukhala chachilendo sikutanthauza kuti n'cholanda malo. Ma rozi, lavender, mandimu ndi mapichesi ndi zachilendo zonse koma zimakhala pamene mwaziika. Ndaonapo anthu akutenga chikwanje n'kugwetsa chilichonse chosakhala cha kuno, pabwalo n'kutsala mbee ngati bwalo la mpira, kenako mvula yoyamba ya Okutobala n'kukokolola dothi lonse.

Tsono pa funso lenileni, la chodzala m'malo mwake, uphungu wanga ndi wakuti musayambe ndi kufunsa kuti ndi duwa liti lofanana ndi limene mwachotsa. Yambani mwaima patsogolo pa chomeracho n'kudzifunsa kuti chimagwira ntchito yanji pamenepo. China chimatchinga maso a anthu odutsa, china chimaletsa akuba kulumpha, china chimapereka mthunzi pagalimoto, china chimabisa khoma losapaka penti. Mukadziwa ntchitoyo, mupeza chomera cha kuno chimene chimaigwira, ndipo abwana anu sadzamva kuti pabwalo pasowa kanthu.

Mpanda wa lantana umagwira ntchito ziwiri, kutchinga ndi kuchita maluwa nthawi yaitali, ndipo apa ndi pamene zosankha zili zambiri. Chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi plumbago, wa maluwa obiriwira ngati mtambo, amene amakula msanga, amapirira chilala, amalola kudulira mmene mungafunire ndipo agulugufe amamukonda. Chisanu chikakula masamba amapsa, koma amaphukiranso kukayamba kufunda. Mnzake ndi Cape honeysuckle, amene pa chikwangwani cha ku nazale amalembedwa Tecomaria capensis kapena Tecoma capensis, wa maluwa ofiirira, ofiira kapena achikasu, ndipo timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa sitichokapo. Pano chenjerani, chifukwa ali ndi m'bale wake wachilendo wotchedwa Tecoma stans, kapena kuti yellow bells, amene ali mu 1b ndipo anthu ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu nthawi zina amasokoneza awiriwa. Mukadzala plumbago ndi honeysuckle mosinthanitsa, motalikirana pafupifupi mita imodzi, mpanda umatsekeka m'nyengo ziwiri za mvula. Ngati chimene abwana akufuna ndi chitetezo, ndiye kuti mufunika minga, ndipo palibe choposa Kei apple, Dovyalis afra (dzina lakale ndi Dovyalis caffra), amene minga yake ndi yaitali ngati chala ndipo zipatso zake zachikasu amapangira jamu. Kungoti amakula pang'onopang'ono, ndipo kuti mupeze zipatso pamafunika mtengo waukazi ndi wamphongo. Pamalo opapatiza, monga pakati pa khoma ndi njira ya galimoto, Freylinia tropica amakwana bwino chifukwa amakwera mowongoka osatambalala.

Za mtengo wa mthunzi zimafuna kuleza mtima, ndipo apa ndi pamene muyenera kukumbukira kumene tili. Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, mvula imagwa makamaka m'miyezi yotentha, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimawaula mbewu usiku, makamaka m'malo otsika ndi m'madera a kumwera kwa mzinda. Inu a ku Dedza kuzizira mumakudziwa, koma kwa kuno n'kouma kwambiri. Golide asanapezeke mu 1886 dera lonseli linali la udzu, mitengo inali m'mapiri ndi m'makhwawa mokha, choncho si mtengo uliwonse wa mu South Africa umene ungachite bwino kuno. Wa ku Durban ukhoza kufa m'nyengo yozizira yoyamba. M'malo mwa indiya, karee, amene dzina lake lina ndi Searsia lancea, ndi wodalirika: sayoyola masamba, sawopa chisanu ngakhale chilala, ndipo mizu yake sivutitsa makoma. Wild olive nayenso ndi wolimba chimodzimodzi koma amachedwa kukula. Ngati abwana akusowa maluwa achibakuwa aja, afunseni za tree wisteria, Bolusanthus speciosus, amene maluwa ake amalendewera ngati mikanda kumayambiriro kwa chilimwe; ameneyu amafuna kufunditsidwa m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba. Palinso pompon tree, Dais cotinifolia, mtengo waung'ono umene umakula msanga n'kudzaza maluwa apinki cha mu Novembala ndi Disembala. Dzina lakelo lisakusokonezeni ndi pompom weed, chitsamba chapinki chochokera ku South America chimene chalanda madambo ambiri a Gauteng ndipo n'choletsedwa kotheratu.

Pali mitengo iwiri ya kuno imene ndikanaitchula mosakayika zaka khumi zapitazo koma lero ndimayamba ndaganiza kaye, coral tree ndi river bushwillow. Chifukwa chake ndi kafumbwe kakang'ono kotchedwa polyphagous shot hole borer, kamene kanapezeka koyamba m'dziko muno ku Pietermaritzburg mu 2017 ndipo kapha mitengo yambiri m'misewu ya Johannesburg. Mitengo iwiriyi ili m'gulu la imene kachiromboka kamaswanamo. Ngati mumsewu mwanu muli mitengo yokhala ndi timabowo tating'ono ngati tolasidwa ndi singano, tikudontha madzi akuda, sankhani ina. White stinkwood ndi mtengo wabwino wa mthunzi, koma mugule ku nazale yodziwika, popeza amakwatirana ndi m'bale wake wa ku China amene ali pamndandanda, ndipo mbande zambiri zongomera zokha m'magadeni ndi zosakanizika.

Udzu wa pampas nkhani yake ndi yaifupi. Unkadzalidwa pa milu ya mchenga wa m'migodi kuti fumbi lisauluke, ndipo kuchokera kumeneko ngayaye zake zimauluza njere kutali. M'malo mwake dzalani Melinis nerviglumis, udzu waufupi wa ngayaye zapinki zonyezimira, kapena Aristida junciformis, ndipo pakati pake muike aloe wa mtundu wa arborescens, amene amachita maluwa ofiira m'nyengo yozizira pamene china chilichonse chauma. Pakhoma paja, mukachotsa cat's claw, canary creeper adzabwezera chikasu chomwecho kumapeto kwa dzinja, ndipo jasmine wa kuno, Jasminum multipartitum, amawonjezera fungo lokoma madzulo.

Kuchotsa ndiko kumene kudzakutengereni thukuta, ndipo ndikupemphani kuti musachotse zonse tsiku limodzi. Lantana mukangomudula pamwamba amaphukira mwamphamvu kuposa kale, choncho muyenera kukumba chitsa chonse, kapena kudula pafupi ndi dothi n'kupaka mankhwala ovomerezeka ophera zitsa nthawi yomweyo, chitsa chisanaume. Indiya ndi chimodzimodzi. Cat's claw ndi wovuta kuposa onse, chifukwa pansi amakhala ndi timbatata tambirimbiri, ndipo kalikonse kotsala kamameranso. Yembekezerani kubwerera pamalo amenewo kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Valani magolovesi ndi malaya a manja aatali, pakuti lantana amayabwa ndipo masamba a pampas amacheka ngati lezala. Mankhwala ndi zovalazo agule abwana, ndipo muwauze mwaulemu kuti ntchitoyi si ya masiku awiri. Ngayaye, zipatso ndi timbatata muziike m'matumba omanga bwino, musaziponye pa mulu wa manyowa, komanso musazitaye kuseri kwa khoma kapena m'khwawa, chifukwa njira imeneyo ndi imene zomera zambiri zinathawira m'magadeni. Mpandawo muuchotse chigawo ndi chigawo, mukudzala zatsopano pamene mwachotsa, kuti nyumba isakhale poyera. Nthawi yabwino yodzala ndi pamene chisanu chatha, kuyambira mu Seputembala mpaka mvula itakhazikika, kuti mizu igwire nyengo yozizira isanabwere.

Musanapite kukagula, tengani tsiku limodzi lopuma mupite ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort. Kumeneko zomera zambiri zimene ndatchulazi mudzaziona zitakula, zili ndi mayina ake, ndipo mudzadziwa kukula kwake kwenikweni, chinthu chimene mbande ya m'thumba sichingakuuzeni. Jambulani zikwangwanizo pa foni, ndipo ku nazale muzikaonetsa dzina la Chilatini, chifukwa mayina a Chingerezi ndi a Chibunu amasinthasintha. Tsamba la pa intaneti la PlantZAfrica, la bungwe la boma loona zachilengedwe la SANBI, limafotokozanso zomera zambiri za kuno ndi kadzalidwe kake.

Ndatsiriza ndi mabulosi anu, chifukwa ndaona kuti ndi amene akukupwetekani mtima. Mtengo wofala m'magadeni a kuno ndi Morus alba, ndipo uli mu gulu la 3, kutanthauza kuti umene ulipo ukhoza kukhala bola usakhale m'mbali mwa mtsinje, koma simuloledwa kudzala wina kapena kugawira anzanu mbande zake. Dzina lakuti alba lisakunamizeni, zipatso zake nthawi zambiri zimadanso zikapsa. Pitirizani kudya, muzidzula timbande timene pumbwa amadzala m'mphepete mwa mpanda tikadali tating'ono, ndipo mtengowo ukadzakalamba, abwana adzagule Morus nigra, amene sali pamndandanda ndipo zipatso zake n'zokoma kuposa za uwo.