Kodi ovota azilemba kaye mayeso?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Ndirande. Akuti atopa kuona anthu akugulitsa voti yawo ndi chitenje, paketi ya shuga kapena kandalama kogulira sopo. Ndiye akufunsa kuti: bwanji ufulu wovota usamaperekedwe kwa okhawo amene ali ndi satifiketi ya MSCE, kapena amene akhoza mayeso a mmene boma limayendera?

Achimwene, mkwiyo wanu ndikuumva. Koma nsapato imeneyi tinaivalapo kale, ndipo anativeka ndi atsamunda. Pa chisankho cha mu Ogasiti 1961, dziko lino likadali Nyasaland, ovota ankalembedwa m'makaundula awiri, wapamwamba ndi wapansi. Asanakulembe ankayang'ana ndalama zimene umapeza pachaka, katundu wako, komanso ngati umatha kuwerenga. Kaundula wapamwamba, momwe munadzaza azungu ndi amwenye, munali anthu osafika 5,000, koma anasankha aphungu 8. Wapansi munali anthu opitirira 100,000, anasankha aphungu 20. Ena onse, kuphatikizapo ambiri amene ankakhoma msonkho ndi kugwira thangata, ankangomvera zotsatira kwa anzawo.

Ku America nako zinali choncho. M'zigawo za kummwera, munthu wakuda akapita kukalembetsa ankamupatsa ndime ya malamulo kuti awerenge n'kuimasulira, ndipo wonena kuti wakhoza kapena walephera anali kalaliki wachizungu. Zinatengera lamulo la 1965 kuti mchitidwewu uyambe kutha. Ndiye kuno kwathu mayeso anuwo adzalemba ndani, adzachonga ndani? Chipani cholamula chitagwira cholembera chofiira, mukuganiza kuti zigawo zimene sizikuchifuna zingakhoze bwanji?

Chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi ganizo loti osaphunzira ndiwo amatiwonongera dziko. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti la zamalamulo linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, mwa zina chifukwa cha Tipp-Ex amene anapakidwa pa mapepala a zotsatira. Amene anapakawo sanali agogo odinda ndi chala. Ndalama za Cashgate mu 2013 sizinatuluke ku Capital Hill m'dengu la mayi wogulitsa mandasi. Onsewa mayeso anu akanakhoza ndi maso otsinzina.

Agogo anga aakazi sanapondepo m'kalasi. Pa 14 Juni 1993 analawirira, nsalu m'chiuno, kukasankha pa referendamu pakati pa nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndi tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi. Sankadziwa kulemba dzina lawo, koma ankadziwa bwino lomwe kuti kulowa mumsika wopanda khadi la chipani kunali kudziputira tsoka, ndipo anali atatopa nazo. Pobwera anatiwonetsa chala cha inki ngati mphete yaukwati. Mwana wa ku yunivesite akanawaphunzitsa chiyani pa tsiku limenelo?

Za zitenjezo sindikukana, zimanyansa. Koma wolandirayo nthawi zambiri amadziwa chimene akuchita: amadya, n'kukavotera wina m'kachipinda kobisika muja. Komanso lamulo la zipani la 2018 limaletsa kale andale kugawa zinthu pofuna mavoti. Wogawayo ali ndi galimoto, ali ndi dzina, nkhope yake ili pachitenje pomwepo, sasowa pomupeza. Ndime 77 ya Malamulo a dziko lino imapereka voti kwa nzika yokwanitsa zaka 18, ndipo sifunsa kuti sukulu unalekeza pati. Inu mukandilemberanso, mundiuze ngati mayi anu akanalowa m'kaundula amene mukumufunayu.