Funsani Amalume: Ka app kanga kamagwira m'tauni mokha

Amalume, ine ndine mnyamata wa ku Kapata kuno ku Chipata. Ndinapanga ka app ka pafoni kolembera matumba a nshawa ndi soya amene alimi amabweretsa ku kopaletivu yathu. Kuno m'tauni kamathamanga bwinobwino koma anyamata akapita nako ku Vubwi olo mkati mwa Chadiza kamangozungulira, ndipo tsiku lina matumba 12 a mlimi mmodzi analembedwa kawiri, anthu anatsala pang'ono kugwirana m'makosi. Ya basi yopita kumudzi daily kukayesa ndilibe. Nditani?
Wothedwa nzeru, Kapata

Mphwanga, ya basiyo sunga ugulire bandulo. Netiweki ya kumudzi ungathe kuipanga wekha patebulo pako, ndipo mapulogalamu ake ndi a open source, aulere, aliyense angathe kuona m'kati mwake.

Vuto lako ndi loti unayesera pa 4G ya m'tauni basi. Deta imayenda mu tizidutswa totchedwa ma packet, ndiye kuseri kwa mapiri uko tizidutswato timachedwa, tina timafika mosinthana, tina timasowera m'njira. Anthu ambiri amangoganiza za sipidi koma chimene chimapha ma app kwenikweni ndi kusowako.

Ngati uli ndi Linux, chida uli nacho kale, dzina lake netem, chili m'kati mwa kernel (mtima wa Linux) momwemo ndipo amachilamula ndi lamulo lotchedwa tc. Yatsa seva yako (pulogalamu imene app imatumizako deta) pa laputopu, foni ilumikize pa wifi imodzimodziyo, ona dzina la khadi yako ya wifi polemba ip link, kenako lemba izi, dzinalo uliike pamalo pa wlan0:

sudo tc qdisc add dev wlan0 root netem delay 400ms 150ms loss 5% rate 256kbit

Apa wauza makina kuti packet iliyonse izichedwa pafupifupi 400ms (kuchepera pang'ono theka la sekondi), nthawi zina kuposa nthawi zina kuchepera, pa 100 iliyonse 5 zizitayika, ndipo msewu wake ukhale wopapatiza. Manambalawo ndangopeka poyambira, iwe uuze mnyamata mmodzi achite ping (kuyeza kuchedwa ndi kutayika kwa ma packet) ali kumudziko akutumizire zimene waona ndiye uziikemo zenizeni. Dziwanso kuti netem imagwira zotuluka mu kompyuta zokha, nchifukwa chake ndati uiike kumene kuli seva. Ukamaliza chotsa ndi sudo tc qdisc del dev wlan0 root. Ine ndinaiwalapo, usiku wonse ndikutukwana kampani ya netiweki mpaka azakhali ako anandifunsa ngati ndili bwino, kumachita ine ndemwe ndinadzitchera msampha.

Wa Windows atenge Clumsy, kapulogalamu kakang'ono kongochonga mabokosi a lag (kuchedwetsa), drop (kutaya), duplicate (kubwereza) ndi ena. Ngati app yako ndi ya pa browser, F12 pa Chrome, pita pa Network usankhe 3G olo Offline. Imeneyo ndi yongolawa mchere, usaidalire yokha.

Tsopano za matumba 12 aja, apa ndiye mvetsera. Ndikuganiza zinayenda chonchi: mnyamata anadina Save, uthenga unafikadi ku seva n'kulembedwa, koma yankho loti zatheka linafera m'njira pobwerera, iye poona kakungozungulira anadinanso, kulakwa kwake palibe, nanenso ndikanadina. Kuti uone zimenezi ndi maso ako tenga Toxiproxy, anaipanga a Shopify. Imakhala pakati pa app ndi seva, ndipo ungaiuze kuti zopita zizidutsa koma zobwerera izitsekere. Dina Save kawiri uone database yako ikuchititsa manyazi. Mankhwala ake: foni izipereka nambala yakeyake kwa lisiti iliyonse isanatumize, seva ikaonanso nambala yomweyo isalembe kachiwiri, ingoyankha kuti ndili nayo kale. Komanso app izisunga kaye zonse mufoni, izitumiza yokha netiweki ikabwera. Ukakonza zimenezo ndiye upite ku Vubwi kamodzi ndithu, dzuwa la October ndi batire yotsala 8% netem sidzakuonetsa.

Amalume, ndikuphunzira za ma network koma kukoleji kwathu rauta ndi imodzi ndipo imakhala yokhomeredwa mu ofesi. Ndiphunzirire pati?
Mtsikana wa ku Katete

Mwanangu, isiye igone mu ofesimo. Yamba ndi Mininet, inachokera ku yunivesite ya Stanford, ukalemba sudo mn pa Linux imakupangira makompyuta awiri ndi switch imodzi yowalumikiza m'kati mwa laputopu yako yomweyo, ndipo siifuna makina amphamvu. Ukazolowera pita pa GNS3, umakoka ma rauta ndi mawusi n'kumalumikiza zingwe pa sikirini, koma imadya RAM ngati chiswe, ndipo ma image (mapulogalamu oyendetsa ma rauta) a kampani ya Cisco amafuna laisensi ndiye gwiritsa aulere monga VyOS. Packet Tracer, ngati anzako akuuza za iyo, ndi yabwino pokonzekera mayeso a Cisco a CCNA, ndi yaulere koma si ya open source. Ilipo ina ns-3, imeneyo ndi ya ofufuza, umachita kulemba pulogalamu mu C++, uidikire chaka cha project.